Tulo ta osamalira odwala ndi okalamba m'makomo: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amafunsidwa mobwerezabwereza ndi anthu ogwira ntchito yosamalira odwala, okalamba ndi aulumali kunyumba zawo, komanso ndi mabanja ndi mabungwe owalemba ntchito. Tayambira pa osavuta, ndipo ozama ali kumunsi. Pamene yankho lili kale pena, takulozerani komweko.

Kodi osamalira anthu m'makomo ndi ati, ndipo bwanji tulo tawo tikhale nkhani yapadera?

Ndi anthu olembedwa ntchito yopita kunyumba kwa munthu kukamusambitsa, kumudyetsa, kumumwetsa mankhwala, kumuthandiza kupita kuchimbudzi ndi kumuyang'anira. Ena amayendera nyumba zingapo patsiku, ena amachezera usiku m'nyumba imodzi, ena amakhalira pomwepo kwa masabata kapena miyezi. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linawerengera mu 2021 kuti ogwira ntchito m'nyumba za anthu, kuphatikizapo osamalira odwala, alipo pafupifupi 75.6 miliyoni, ndipo atatu mwa anayi alionse ndi akazi.

Namwino wa m'chipatala nayenso amachezera, koma nthawi yake ikakwana amasiyira mnzake odwala n'kuweruka. Wosamalira wa m'nyumba kawirikawiri amakhala yekha. Palibe womulandira akatopa, palibe womufunsa nzeru pakati pa usiku, ndipo kwa wokhalira pantchito, pogwirira ntchito ndi pogona ndi khomo limodzi. Nthawi yoweruka sidziwika bwino, ndipo mavuto ambiri a tulo amene afotokozedwa m'munsimu amachokera pamenepa.

Munthu wamkulu amafunika kugona maola angati?

Maola 7 kapena kuposerapo pa maola 24 alionse, ndipo ambiri amafunika pakati pa 7 ndi 9. Amene amati maola 5 amawakwanira nthawi zambiri anangozolowera kutopa. Pa kafukufuku wa mu 2003 ku yunivesite ya Pennsylvania, anthu amene ankagona maola 6 okha usiku uliwonse kwa masabata awiri ankachedwerachedwera kuganiza ndi kuchitapo kanthu tsiku ndi tsiku, koma iwo eni ankadzimva kuti kutopa kwawo sikukuwonjezeka kwenikweni. Munthu wosowa tulo sadziwa bwino kuti wafooka motani.

Ndimakhala pabedi maola 8, koma ndimadzuka wotopa. Chikuchitika n'chiyani?

Tulo sitiyenda mofanana usiku wonse. Timadutsa m'magawo obwerezeka pafupifupi mphindi 90 zilizonse: tulo tapamwamba, tulo tofa nato, kenako tulo ta maloto. Tulo tofa nato, tomwe timatsitsimula thupi, timachuluka m'maola oyambirira, pamene ta maloto timachuluka cha kum'mawa. Mukadzutsidwa 1 koloko kuti musinthe thewera, 3 koloko kuti mutembenuze wodwala, 5 koloko kuti mumuperekeze kuchimbudzi, ubongo umayambiranso pa tulo tapamwamba nthawi iliyonse.

Komanso kudzukako si kwa mphindi imodzi. Mumayatsa getsi, mumanyamula munthu, mumasintha zofunda, mumasamba m'manja, mtima wathamanga, ndipo pobwerera pabedi tulo tathawa. Maola 8 odukaduka chonchi sangafanane ndi maola 8 osadukiza, ngakhale pa pepala la ntchito alembe kuti munagona.

Kutembenuza munthu wosatha kudzitembenuza n'kofunika kwambiri popewa zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi, ndipo ambiri amalangizidwa kutero pa maola awiri alionse. Ntchito yotero ndi yochezera, si yogona. Kuipereka kwa munthu amene akuyembekezekanso kugwira tsiku lonse kukacha n'kumulakwira.

Usiku wina wodwala sandiitana n'komwe, komabe tulo sitikoma. Kodi ndi maganizo anga chabe?

Ayi. Munthu amene akudziwa kuti angaitanidwe nthawi ina iliyonse sagona ngati munthu womasuka. Mu 1988 akatswiri a ku Sweden, Torsvall ndi Åkerstedt, anayeza ubongo wa mainjiniya a m'sitima zapamadzi pa usiku umene ankayembekezera belu lowaitana. Anapeza kuti tulo tawo tofa nato tinkachepa ndipo mtima unkagunda mofulumirirapo, belulo lisanalire n'komwe. Kuyembekezera kokhako kunkasokoneza tulo.

Wosamalira odwala amakhala chimodzimodzi. Wodwala akatsokomola, bedi likalira, ngakhale kukangokhala zii kwa nthawi yaitali, khutu limakhala tcheru. Thupi likuchita zimene ntchito yalituma, kulondera munthu. N'chifukwa chake usiku wokhala chire sitingauwerengere ngati usiku wopuma, ngakhale kuti palibe chachitika. Zimene malamulo amanena pa maola amenewa zili pa funso la malipiro.

Bwanji tulo ta masana sitikhalitsa ndikachoka ku shifiti ya usiku? Kodi thupi lidzazolowera?

Mu ubongo muli kagulu ka maselo komwe kamasunga nthawi ya thupi, ndipo kamatsata kuwala kolowa m'maso. Kukada, thupi limatulutsa melatonin, mahomoni okonzekeretsa tulo, ndipo kutentha kwa thupi kumatsika mpaka kufika pansi penipeni cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Nthawi imeneyi ndi imene wochezera amasinza kwambiri. Kukacha zonse zimatembenuka: melatonin amachepa, thupi limayamba kutentha, ndipo inu mukufika pabedi pamene thupi likudzuka. Ofufuza atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel mu 2017 atafotokoza mmene wotchi ya m'thupiyi imagwirira ntchito m'maselo. Si nkhani ya ulesi kapena kulimba mtima.

Choncho tulo ta masana timakhala tatifupi ndiponso tosachedwa kuduka, makamaka ngati panyumba pali phokoso, ana ndi ntchito zina zokudikirani. Za kuzolowera, ndi ochepa amene amazolowera kwathunthu, chifukwa dzuwa la m'mawa ndi masiku opuma zimabwezera wotchi ija pamalo pake.

Ndi ndandanda ya ntchito yotani imene imawononga tulo kwambiri?

Yoyamba ndi yoweruka usiku n'kulawiranso m'mamawa. Mukagoneka wodwala 10 koloko usiku n'kuyembekezeka kukadzutsa wina 6 koloko m'mawa, pakati pali maola 8, koma m'maola omwewo muyende ulendo wopita ndi wobwera, musambe, mudye, muone ana. Otsala ogona mwina ndi 5. Ofufuza za ntchito amatenga mpata wochepera maola 11 pakati pa mashifiti awiri ngati wochepa kwambiri, ndipo lamulo la European Union la mu 2003 lokhudza nthawi yogwira ntchito limanena maola 11 otsatizana opuma tsiku lililonse.

Ntchito yosamalira anthu m'makomo imagwa mu msampha umenewu mosavuta, chifukwa anthu amafuna thandizo nthawi zofanana: podzuka m'mawa ndi pokagona usiku. Zotsatira zake ndi tsiku logawika pawiri, lokhala ndi maola opanda ntchito pakati, omwe salipidwa komanso sakwanira kupita kunyumba kukagona. Munthu amalipidwa maola 7 koma wachoka pakhomo maola 14.

Palinso ndandanda yosinthasintha mwadzidzidzi. Foni ikamalira usiku kuti mawa mukalowe m'malo mwa mnzanu wodwala, simungakhale ndi nthawi yokhazikika yogonera, ndipo ambiri amaopa kukana poganiza kuti sadzapatsidwanso maola. Malipiro ochepa nawonso amalowa m'nkhani ya tulo mwachindunji: amene ndalama sizikumukwanira amatenga ntchito yachiwiri, ndipo maola ake amachotsedwa ku tulo, popeza palibe kwina kowachotsa.

Pamene mashifiti ayenera kusinthana, kusintha kopita kutsogolo, kuchoka m'mawa kupita madzulo kenako usiku, thupi limakupirira bwino kuposa kobwerera m'mbuyo.

Ine ndimagwira masana okhaokha. Nanga bwanji ndimasowa tulo?

Chifukwa ntchito imakutsatani mpaka pabedi. Mu 1979 katswiri wina, Robert Karasek, anafotokoza kuti ntchito yopanikiza kwambiri ndi imene imafuna zambiri kwa munthu koma osamupatsa mphamvu yosankha mmene aigwirire. Wosamalira amene wapatsidwa mphindi 30 kuti asambitse, aveke, adyetse ndi kumwetsa mankhwala munthu woyenda pang'onopang'ono ali m'gulu limeneli. Amachoka akudziwa kuti sanamalize bwino, ndipo usiku mafunso amabwera: kodi mbaula ija ndinazimitsa, kodi piritsi lija anameza, kodi akadzuka yekha sagwa?

Kugwira wekha kumakulitsa nkhawa zoterezi, popeza palibe mnzako womuuza zimene waona usanapite kunyumba. Onjezanipo achibale a wodwala amene amapereka malangizo otsutsana, kapena amene amawonjezera ntchito zosagwirizana ndi pangano. Onjezaniponso chisoni. Munthu amene mwamusamalira zaka akamwalira, inu mumalira ngati wachibale, koma mawa lake mumatumizidwa kunyumba ina, ndipo nthawi zina ntchito imathera pomwepo. N'zosadabwitsa kuti tulo timasowa pa nthawi yotereyi, ndipo wolemba ntchito woganiza bwino amapereka mpata wopuma.

Kutukwanidwa, kumenyedwa kapena kugwiridwa mosayenera m'nyumba ya anthu kumasokonezanso tulo kwambiri, mpaka kubweretsa maloto oopsa. Zimenezi si mbali ya ntchito yoti muzingoipirira, ngakhale wochitayo atakhala wodwala amene sakudziwa zimene akuchita. Muzinene ndipo zilembedwe.

Kodi kupweteka kwa msana kukugwirizana ndi kusagona?

Inde, ndipo chilichonse chimakulitsa chinzake. Kunyamula munthu kumuchotsa pabedi lalifupi, m'chipinda chopanikizika, popanda chida kapena wothandiza, kumapweteketsa msana, mapewa ndi mawondo. Ululu umakudzutsani usiku, ndipo munthu amene sanagone bwino amamva ululu kwambiri mawa lake komanso amanyamula mosasamala. Bedi lokwezeka, lamba wothandizira kuimiritsa wodwala, chida chonyamulira munthu, kapena wachiwiri pa nthawi yosambitsa, zimathandiza tulo kuposa mapiritsi.

Amene ndimawasamalira ali ndi matenda oiwalaiwala ndipo sagona usiku. Nditani?

Matendawa amawononganso wotchi ya m'thupi ija, n'chifukwa chake odwala ambiri amasokonezeka dzuwa likamalowa, amayendayenda usiku, ena amavala n'kumafuna kutuluka. Zimathandiza kuwatulutsa kapena kuwakhazika powala m'mawa, kuwapatsa zochita masana, kuchepetsa kugona kwa masana, ndi kusunga nthawi yofanana yodyera ndi yogonera. Usiku siyani kagetsi kosawala kwambiri panjira yopita kuchimbudzi.

Kusokonezeka kukakula mwadzidzidzi, ganizirani za ululu, kudzimbidwa, matenda a m'njira ya mkodzo kapena mankhwala atsopano, ndipo dziwitsani achipatala msanga. Musawonjezere nokha mankhwala ogonetsa, chifukwa kwa okalamba amachulukitsa kugwa ndi kusokonezeka. Koma tinene mosabisa: wodwala akafika podzuka kangapo usiku uliwonse, munthu mmodzi sangakwanitse usana ndi usiku. Pamafunika wina wochezera.

Kusagona mokwanira kungabweretse ngozi yanji kwa ine ndi kwa wodwala?

Ngozi ya lero ndi kulakwitsa. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 1997 anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, mlingo umene mayiko ambiri salola kuyendetsa nawo galimoto. Munthu wotereyu ndi amene akuwerenga mapiritsi, akuyeza shuga, akugwira wokalamba potsika masitepe, kenako n'kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto popita kunyumba ina. Tulo tikachepa, mtima umafupikanso. Wosamalira wodekha amapezeka wakalipira wodwala, kenako amadziimba mlandu usiku wonse.

Palinso mphindi zoyambirira munthu akangodzutsidwa pa tulo tofa nato, pamene mutu umakhala usanakhazikike kwa mphindi 15 mpaka 30. Ngati si zadzidzidzi, dikirani pang'ono musanapereke mankhwala, ndipo werengani chizindikiro cha pabotolo kawiri.

Ngozi ya m'tsogolo ndi matenda. Kusagona mokwanira kwa zaka kumayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, kunenepa kwambiri ndi matenda a maganizo. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi bungwe la ILO analengeza kuti kugwira maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumakweza mwayi wodwala sitiroko ndi 35 peresenti poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40, ndipo anawerengera kuti maola aatali anapha anthu 745,000 mu 2016. Nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, mu 2007 ndiponso mu 2019 inaika ntchito ya usiku m'gulu la zinthu zomwe zikuoneka kuti zingayambitse khansa. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wochezera adzadwala, koma ndi chifukwa chokwanira chochepetsera mausiku otsatizana.

Kodi maola amene ndimagona kunyumba kwa wodwala ndi maola a ntchito? Ayenera kulipidwa?

Zimadalira dziko, ndipo makhoti sagwirizana. Mu 2003 khoti la European Union, pa mlandu wa dokotala wa ku Germany dzina lake Jaeger, linagamula kuti nthawi yokhala chire pamalo a ntchito ndi nthawi ya ntchito, ngakhale munthuyo atapatsidwa bedi. Ku United Kingdom, khoti lalikulu kwambiri linagamula mu 2021, pa mlandu wa bungwe la Mencap, kuti wosamalira wogona pantchito ayenera malipiro otsikitsitsa a boma pa nthawi yokhayo imene ali maso kugwira ntchito. Ku America, malamulo a boma amalola kuchotsa maola osapitirira 8 ogona pa shifiti ya maola 24, ngati pali mgwirizano ndi malo abwino ogona. Nthawi iliyonse imene wadzutsidwa imalipidwa, ndipo ngati sanathe kugona maola 5, maola onsewo amawerengedwa ngati ntchito.

Pangano la ILO nambala 189 la mu 2011, lokhudza ogwira ntchito m'nyumba za anthu, limanena kuti pa sabata pakhale maola osachepera 24 otsatizana opuma, kuti wokhalira pantchito asakakamizidwe kukhala pakhomopo pa nthawi yake yopuma, ndiponso kuti nthawi yokhala chire iwerengedwe ngati ntchito motsatira malamulo a dziko. Panganoli limagwira m'mayiko amene analivomereza. Funsani ku ofesi ya zantchito kapena ku bungwe la ogwira ntchito kwanuko.

Maganizo athu ndi akuti munthu amene saloledwa kuchoka, ndipo adzaimbidwa mlandu wodwala akagwa, ali pantchito.

Banja kapena bungwe lolemba ntchito lingachite chiyani?

Zambiri mwa zimene zimaononga tulo zili m'manja mwanu, osati mwa wantchito. Yambani ndi kunena zoona za usiku. Ngati wodwala amadzuka kamodzi mwa apo ndi apo, munthu angagone pantchito. Ngati amadzuka kawiri kapena katatu usiku uliwonse, lembani wochezera wapadera kapena gawanani mausiku pabanja. Matenda amasintha, choncho zimene munagwirizana miyezi sikisi yapitayo mwina sizikugwiranso.

Wokhalira pantchito akhale ndi chipinda chakechake. Malangizo a ILO nambala 201 amanena za chipinda chapadera, cholowa mpweya wabwino, chokhala ndi loko, kiyi wake ali kwa wantchitoyo. Matiresi pansi pambali pa bedi la wodwala, kapena mpando wa pabalaza, si malo ogona a munthu wogwira ntchito tsiku lililonse. Belu kapena kachida komvetsera kamathandiza kuti asagone m'chipinda chimodzi ndi wodwala, ngakhale kuti sikachotsa vuto la kuyembekezera lomwe tafotokoza pamwambapa.

Mabungwe atulutse ndandanda msanga, asunge maola 11 pakati pa mashifiti, awerengere nthawi ya ulendo, ndipo akhale ndi munthu woyankha foni usiku wantchito akakumana ndi vuto. Tsiku lopuma likhale lopumadi, lokhala ndi womulowa m'malo. Ndipo wantchito akanena kuti watopa, musamutenge ngati waulesi, chifukwa akukuchenjezani za ngozi imene ingagwere kholo lanu.

Ndingayambe bwanji nkhaniyi ndi abwana popanda kuika ntchito pachiswe?

Lembani kaye. Kwa masabata awiri, lembani nthawi imene mwagona, nthawi iliyonse imene mwadzutsidwa, chimene munadzukira ndi mphindi zimene zinatha. Achibale ambiri sadziwa zochitika usiku chifukwa iwo amakhala ali mtulo kapena ali kutali. Pepala lotere limasintha nkhani kuchoka pa "ndatopa" kufika pa "mayi akudzuka kanayi, ndipo katatu n'chifukwa cha mkodzo". Limathandizanso adokotala, amene angasinthe nthawi yomwera mankhwala ena okodzetsa.

Bwerani ndi pempho lomveka: usiku umodzi kapena iwiri pa sabata wina alowe, kapena maola atatu ogona masana pambuyo pa usiku wovuta. Zimene mwagwirizana zilembedwe.

Nanga ine ndingadzithandize bwanji? Khofi, mapiritsi, kugonako pang'ono masana?

Izi zimachepetsa vuto, sizikonza ndandanda yoipa. Kugonako mphindi 20 kumatsitsimula popanda kukulowetsani m'tulo tofa nato. Musanalowe shifiti ya usiku, kugona ola limodzi ndi theka madzulo kumathandiza. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu muzimwe kumayambiriro kwa shifiti, chifukwa pakatha maola pafupifupi 5 theka la mphamvu yake limakhala likadali m'magazi. Mukadzuka usiku, yatsani getsi losawala kwambiri ndipo musatsegule foni. Pogona masana, tchingani mawindo ndi nsalu yokhuthala, tsekani makutu, ndipo apabanja adziwe kuti maola amenewo ndi usiku wanu.

Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo cha kum'mawa. Mapiritsi ogonetsa musamwe pa usiku umene muli ndi wodwala m'manja, ndipo masiku ena musamwe popanda kuonana ndi dokotala. Mukayamba kusinza mukuyendetsa, imani. Kutsegula windo kapena kukweza wailesi sikuthamangitsa tulo.

Ndipite liti kuchipatala?

Pitani ngati mukulephera kugona mausiku atatu kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi itatu, ngakhale pa masiku amene muli ndi mpata wogona. Chithandizo choyambirira cha vuto limeneli ndi uphungu wosintha kaganizidwe ndi kagonedwe, wotchedwa CBT-I, osati mapiritsi. Pitaninso ngati ena amakuuzani kuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumabanika mtulo, ngati mumadzuka mutu ukuwawa, ngati miyendo imanyerenyesa madzulo mpaka kufuna kumangoigwedeza, kapena ngati munagonapo mwadzidzidzi mukuyendetsa kapena mukudyetsa wodwala.

Musadikire miyezi itatu ngati kusowa tulo kwabwera ndi kutaya mtima, kulira kawirikawiri, mantha aakulu kapena maganizo ofuna kudzipweteka. Pitani mwamsanga, ndipo potuluka m'nyumba tengani ndandanda yanu ya ntchito ndi pepala lija mwalembapo za usiku, kuti dokotala aone maola amene mumagwira asanakulembereni mankhwala.